Njinga za Anthu Zinathera pa Tete

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mumandidziwa ngati a Mbewe okonza njinga paja patsinde pa bulugamu, kuseri kwa mabani a fodya. Koma anyamata amene mwabwera chaposachedwapa simudziwa kuti mkulu mukumuonayu anagonapo m'ngalande ya mumsewu, agalu akumununkhiza. Ena a inu ndimakuonani Lamulungu masana mukulowera kuseri kwa komboni kuja kumene kumatuluka utsi wa ophika kachasu. Sindikulozani chala. Ndingokuuzani zanga, inu mudzasankhapo nokha.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Amene anandibweretsa kuno ndi amalume anga, a Chimbalanga. Iwo anali atakhalitsa kale m'mapulazi muno, m'minda ya azungu, opanda mkazi, opanda mwana. Atabwera kumudzi kudzaona abale, anauza mayi anga kuti, "Mlongo, mwanayu ndipatse, akaone dziko." Tinafikira pa pulazi ya fodya kufupi ndi Marondera, masiku amenewo tinkati Marandelasi. Amalume ankasonkhezera moto m'mabani oumitsiramo fodya. Ine ndinayamba ndi kutola mbozi m'munda, kenako foromani anandiika ku galaja kuti ndizipatsira makanika zitsulo. Kumeneko ndi kumene manja anga anazolowera sipanala.

Kenaka kunabwera Chitaganya, chija anaphatikiza dziko lino ndi la kwathu. Kumudzi anthu anachida kwambiri, ndipo sankalakwa. Koma ine ndinaonapo kanthu kamodzi: katundu anayamba kudutsa mosavuta kuchoka kuno kupita ku Nyasalande. Ndiye kuseri kwa galaja iliyonse ya mzungu kunali njinga zakutha zitangotayidwa, udzu ukumera m'masipoko. Pomwe kwathu, munthu wa njinga ankamupatsa mpando pamsonkhano. Ndinati mumtima, bwanji ndizigula zakuthazi, ndizizikonza, ndizizipaka penti yakuda, n'kumazitumiza kwa achimwene anga kuti azikagulitsa kumudzi?

Ndinapita ku boma kukapempha laisensi. Kalaliki anatenga chitupa changa, nachitembenuza uku ndi uku.

"Iwe ndiwe wa ku Nyasalande," anatero. "Unabwera kudzagwira ntchito kapena kudzatsegula bizinesi?"

"Zonse ziwiri, bwana."

"Ubwerenso mwezi wamawa."

Mwezi wamawa unafika, ananenanso zomwezo. Ine mtima unali utathamanga kale. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira Esinati, mwana wa Chishona wa m'midzi ya kufupi kuno, ndipo tinali ndi mwana wamkazi. Mchimwene wake wa Esinati, dzina lake Garikayi, atamva vuto langa anaseka.

"Tsano, musanetseke," anatero, kutanthauza kuti mlamu, musavutike. "Ine ndine mwana wa dziko lino. Tilembetse dzina langa, inu muzigwira ntchito yanu."

Nditawafotokozera amalume, anayamba apota fodya wawo. Kenako anati, "Mphwanga, nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Nanga dzina lobwereka?" Ine ndinangoti akuluakulu ndi amantha.

Zinayenda, sindingakane. Ndinasiya ntchito ya pa pulazi, n'kupeza kachipinda kuseri kwa sitolo ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Mutare. Zida zinali zanga, nzeru zanga, thukuta langa, pepala lokha ndi limene linali la Garikayi. Ndinkayenda m'mapulazi kugula mafelemu, n'kumawaongola, kumangira masipoko, kuikira tcheni ndi chishalo. Njinga zikachuluka ndinkalipira malo pa lole yopita ku Bulantaya kudzera ku Mtoko ndi ku Tete, ine n'kukhala pamwamba pa katundu. Achimwene ankandidikira ku Bulantayako. Sipankatha sabata njinga zisanathe.

Anthu a pakomboni ataona kuti ndimafika kumudzi n'kubwerako, anayamba kundisungiza zawo. A Jailosi, mkulu wina woyendetsa ng'ombe za pulawo, anagula njinga kwa ine kuti ndikapatse mwana wawo amene ankayenda mtunda wautali kupita kusukulu ya mishoni. A Bonongwe, munthu wosalankhulalankhula wa ku shedi yosankhira fodya, iwo sanafune yokonzedwa. Anadzimana kwa nthawi yaitali, nakagula yatsopano m'tauni, yonyezimira, mapepala akadali pa felemu. Anaibweretsa akuikankha, osaikwera.

"Iyi mukapatse mkazi wanga," anatero. "Mukamuuze kuti sindinamuiwale."

Koma apo n'kuti ine nditasintha kale. Ndinagula suti ndi chipewa. Anthu anayamba kunditcha bwana Mbewe, ine n'kumavomera. Loweruka lililonse ndinkapezeka ku tiyipati, kumene amaimba galamafoni n'kumagulitsa mowa mobisa. Poyamba ndinkamwa kuti anthu aone kuti ndili nazo. Kenako ndinkagulira bwalo lonse. Kenako ndinkamwa ndekha m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Kwa amalume ndinasiya kupita. Nyumba yawo inkanunkha utsi, ndinkaopera suti yanga.

Ulendo umene ndinanyamula njinga za anthuzo unali waukulu kuposa onse. Tinafika pa Tete dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo panalibe mlatho, magalimoto ankaoloka Zambezi pa pantoni, ndipo mzere unali wautali. Dalaivala anandiuza kuti, "Bambo, musapite patali. Mzerewu ukasuntha sitidikira munthu." Ine ndinati ndingokanyowetsa kukhosi. M'masitolo a Apwitikizi munali vinyo wotsika mtengo, wotsekemera ngati sobo. Ndinalowa m'sitolo imodzi.

Ndinadzuka tsiku linzake pakhonde la anthu, wopanda jekete, wopanda nsapato. Lole inali itaoloka kalekale. Nditapemphapempha, anandiolotsa. Kutsidya anandiuza kuti dalaivala anatsitsa katundu wanga yense pagombe, chifukwa sakanapitirira ndi katundu wopanda mwini woyankhira mapepala ake kumalire. Anandilozera pamene anamutsitsira. Ndinapeza zingwe zimene ndinamangira, ndi chishalo chimodzi chong'ambika. Basi.

Ndinabwerera kuno n'kunama. Ndinauza anthu kuti pantoni inapendekeka, katundu n'kumira m'madzi. Ena analira nane. A Jailosi mpaka anandigwira paphewa, nati, "Bola moyo, mwanawe." Bodzalo linakhala mpaka tsiku limene dalaivala uja anaima pa sitolo kudzamwa tiyi, nafotokoza zonse pamaso pa anthu.

Kuyambira pamenepo zinatsetsereka mofulumira. Ndinapeza Garikayi atakhoma loko wina pachitseko. "Tsano," anatero, "anthu akubwera kwa ine, chifukwa dzina lili papepala ndi langa. Musadzapondenso pano." Sindingamunene kwambiri. Ndinamupatsa ndekha chingwe chondimangira. Esinati anapirira kwa kanthawi, koma tsiku limene ndinagulitsa poto wake, anabereka mwana n'kupita kwawo. Ndinagulitsa masipanala amene ndinatsala nawo, imodzi imodzi. Ndinagona m'ngalande. Apolisi ananditola chifukwa chitupa changa chinkaonetsa kuti sindili pa ntchito kwa aliyense, ndipo ndinakatchetcha udzu kundende. Nditatuluka, khomo limene ndikanagogoda linali limodzi lokha.

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anangosuntha mphasa yawo kuti ine ndipeze malo.

N'kuti atayamba kale kutsokomola. Utsi wa m'mabani unali utawadya m'chifuwa. Pakomboni panalibe wondipatsa moni. Ndikafika pampopi, amayi ankasiya nkhani zawo mpaka nditachoka. Ndipo abale, ndinene zonse, chifukwa ndikabisa apa umboni wanga ulibe ntchito. Ufa ndi nyemba zimene amalume ankalandira pa pulazi, ine ndinkatapako n'kukasinthanitsa ndi kachasu. Iwo ankadziwa. Ankangochepetsa zimene ankadya.

Unali mwezi wa Okotobala, mvula isanagwe. M'mawa wina ndinamva akundiitana.

"Mphwanga. Madzi."

Mutu unkandiwawa chifukwa cha zadzulo. Ndinati, "Ndikubwera, amalume," n'kutembenukira kukhoma. Pamene ndinkadzuka dzuwa linali pamutu. Ndinawapeza atazizira, dzanja litatambasukira ku chikho chopanda kanthu. Mtsuko unali pakhomo pomwepo, wodzaza.

Ndinakauza foromani. Iye anati manda alipo kumapeto kwa pulazi, kuseri kwa chulu, kumene ankaikako anthu a kwathu. Mwambo mukuudziwa: munthu akamwalira mumagogoda m'makomo, adzukulu amabwera kudzakumba, mwini maliro amakhala pansi. Koma ine ndikanagogoda pakhomo la ndani? Khomo lililonse linali la munthu amene ndinamutayira njinga, kapena wa mbale wake. Ndinawafunditsa amalume bulangete lawo, ndinatseka chitseko. M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi piki, n'kupita ndekha.

Nthaka ya Okotobala mukuidziwa. Piki inkangodumpha, n'kumatulutsa fumbi. Ndinali ndisanadye, ndisanamwe, moti mpini unkandipulumuka. Ndinakumba mpaka dzenje linafika m'mawondo, matuza n'kuphulika. Ndinakhala pansi m'dzenjemo. Sindinalire. Ndinkangoganiza kuti dzenje ili likanakhala langa zikanakhala bwino, komanso kuti langalo silidzapeza ngakhale wolikumba mpaka m'mawondo.

Ndiye ndinamva mapazi m'masamba ouma. Nditakweza mutu ndinaona amuna ataima m'mphepete, makasu ali paphewa. Patsogolo panali a Jailosi. Kumbuyo kwawo kunali ena onse, ampingo ndi agule omwe, anthu amene masiku ena sankadyera mbale imodzi.

"Tuluka m'menemo," anatero a Jailosi.

Ndinaganiza kuti abwera kudzandimenya, ndipo ndinali wokonzeka.

"Ndati tuluka. Unaona kuti mwini maliro akukumba yekha? Ukufuna kutichititsa manyazi pamaso pa eni dziko?"

Iwo anandigwira pamkono n'kundikoka.

"Usaganize kuti tabwerera iwe," anatero. "Amalume ako anakumba manda a mwana wanga wakhanda muno momwemu, mvula ikugwa. Aliyense waima apayu, amalume akowo anamuthandizapo. Ife kuno tilibe amayi, tilibe mafumu. Tikapanda kuikana tokha, atiika ndani? Khala apo pamthunzi."

Ndinakhala pansi pa mtengo, n'kumaonerera anthu amene ndinawanamiza akulandizana piki. Palibe anandiyang'ana. Patapita nthawi mmodzi anabwera ndi chigubu cha madzi, nandipatsa. Abale, nditagwira chigubucho ndi pamene ndinalira. Ndinalira mokweza, ngati mwana, madzi ali m'manja osatha kumwa. Iwo sanasiye kukumba. Anandisiya ndilire.

Amalume anawaika bwino. Poti anali a gule, zilombo zinatuluka kudzawaperekeza, ndipo ampingo anaima chapatali n'kuimba nyimbo yawo fumbi litatha. Titasamba m'manja, anthu akubalalika, a Jailosi anandiitanira pambali.

"Njinga ya mwana wanga ndikuifunabe," anatero.

"Bambo, ndilibe kalikonse."

"Ndani wanena za ndalama? Kuseri kwa galaja kuja mafelemu anatha? Manja awa unasiya pa Tete?" Anandigwira zikhatho n'kuzitembenuza, matuza akuchucha. "Koma usanagwire chitsulo, uchotse kaye bodza lija. Tinamva kwa dalaivala. Kwa iwe sitinamve."

Lamulungu lotsatira ndinaima pabwalo la komboni, anthu onse alipo, n'kunena zimene ndakuuzanizi. Ndinati Zambezi sinamize kanthu, ndinamiza ndine, m'botolo. Ena anang'ung'udza, wina analavula n'kuchokapo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkatha kuyang'ana munthu m'maso.

Tsopano mvetserani, inu amene mukufuna kutuluka m'mowa, chifukwa kulira pamanda sikusiyitsa munthu mowa. Masabata oyamba anali oipa. Ndinkatuluka thukuta, ndinkasanza, tulo osabwera. A Jailosi anati ndizidya kwawo, ndipo akazi awo ankandiphikira phala lamadzimadzi poti china chilichonse chinkabwerera. Sindinadzidalire. Ndinaona kuti nthawi yanga yoopsa ndi Loweruka madzulo ndi Lamulungu masana, pamene galamafoni iyamba kulira, choncho nthawi imeneyo ndinaidzaza ndi ntchito. Tikatuluka m'tchalitchi ndinkapita patsinde pa mtengo ndi felemu, ndipo mkulu wina ankakhala nane, kungokhala chabe. Njira yodutsa kwa amayi ophika kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira kumunda ngakhale kunali kutali. Foromani anavomera kundibwezera ku galaja pa malipiro a mwana, ndipo malipirowo ankasunga ndi akazi a Jailosi, ine n'kumapempha ndikafuna masipoko kapena chubu. Ndinagwako kamodzi, pa ukwati wina. M'mawa mwake ndinapita ndekha kukanena. Musabise mukagwa. Chimene chimapha ndi kubisako.

Njinga yoyamba inali ya a Jailosi. Sindinainyamule ndine, inapita ndi munthu wina amene ankabwerera kumudzi. Kenako ndinakonza ya wachiwiri, ya wachitatu, mpaka aliyense wa pakomboni analandira yake. Zinatenga zaka. Kwa Esinati sindinathamangireko. Ndinadikira mpaka mvula inagwa n'kukolola, ndiye ndinatuma akuluakulu awiri kukalankhula ndi makolo ake mwa mwambo wawo. Iye anati abwera kudzaona kaye. Anabwera, anaona, anabwerera, ndipo anadzabweranso ndi katundu wake patapita nthawi. Mwana wathu anali ataiwala nkhope yanga. Zimenezo ndinayenera kuzipirira.

Bizinesi ndinaiyambanso, koma m'dzina langa. Ndinapempha mwini pulazi kuti andilole kugwirira ntchito pamalo ake, ndipo ndinabwerera ku boma ndi chitupa changa chomwe chija. Akati ubwere mwezi wamawa, ndinkabwera mwezi wamawa. Anatopa nane n'kundipatsa laisensi. Sindinakwerenso pamwamba pa lole. Ndinkatumiza pa sitima, zochepazochepa, achimwene n'kumakalandira ku Limbe. Katundu wa anthu ndinasiya kusunga. Chitaganya chitatha, malire n'kuyambanso kuvuta, ndinasiya zotumiza kunja n'kutsala ndi kukonza basi, monga mukundionera lero.

Panatsala munthu mmodzi. A Bonongwe, aja a njinga yatsopano, anali atachoka pa pulazi pathu amalume asanamwalire, ndipo ndinamva kuti ali ku pulazi ina cha ku Beatrice. Iwo sindikanawapatsa yokonzedwa. Ndinasunga mpaka ndinagula yatsopano m'tauni. Sindinaikwere. Ndinaikweza pa basi, ndipo nditatsika ndinaikankha m'kanjira kafumbi mpaka pakomboni pawo.

Ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka nsapato. Anali atakalamba. Anandizindikira, koma sanandipatse mpando.

"Bambo Bonongwe, ndabweretsa njinga yanu."

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amene ndinkamutumizira anakwatiwa kwina," anatero pang'onopang'ono. "Ndinali nditamulembera kuti njinga ikubwera. Anadikira. Abale ake anati ndine wabodza, ndili ndi mkazi wina kuno. Ukufuna ndiitumize kwa ndani?"

Ndinaiyedzamiritsa pakhoma, ndinagwada n'kupepesa. Iwo anapitiriza kusoka. Sananene kuti ndakukhululukira, ndipo mpaka lero sindinganene kuti anandikhululukira. Zina zimene mowa umaswa, abale, sizikhala ndi sipeya. Ndinadzuka, ndinatsanzika, n'kuyamba kubwerera wapansi.

Nditayenda kamtunda, ndinamva matayala kumbuyo kwanga. A Bonongwe anaima pambali panga, phazi limodzi pansi, mapepala akadali pa felemu.

"Basi ya kuno yapita kale," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Kwera. Ndikakusiye ku msewu waukulu."

Ndinakwera pakaliyala. Anapalasa njira yonseyo, munthu wamkulu, akupuma movutikira pachitunda. Titafika pamsewu ndinatsika, iwo anatembenuza njinga n'kubwerera.

Ndathera pamenepa. Amene mawu awa amukhudza asadikire Lamulungu lina. Ambuye akusungeni.